Masauko Chipembere: Mtetezi wa asodzi yemwe adafika pogwira mfuti

Kwa zaka pafupifupi 30, m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja m'boma la Mangochi mudali dzina lomwe munthu sankalitchula mokweza. Kuyambira ku Chembe kwa Nankumba, kudutsa ku Monkey Bay mpaka kukafika ku Malindi ndi kwa Makanjira tsidya la kum'mawa, munthu ankayamba wacheuka kaye asadalitchule.

Dzinalo lidali Masauko Chipembere.

Boma la nthawiyo linkamutcha chigawenga. Lero dzina lomwelo lili pa msewu waukulu wolumikiza Blantyre ndi Limbe. Koma moyo wa mkuluyu udasiya funso lomwe banja lililonse limadzifunsa likamva mtswatswa kuseri kwa nyumba usiku: ngati oyenera kukuteteza sakubwera, kapena ngati ndi iwo omwe akukumenya, kodi utenge chida udziteteze wekha?

Chipembere adakhulupirira kuti munthu woponderezedwa ali ndi ufulu wotero. Zomwe zidatsatira chikhulupiriro chimenechi zidasiya zipsera zomwe anthu a ku Mangochi adakali nazo.

Mwana wa wansembe

Henry Masauko Blasius Chipembere adabadwa pa 5 Ogasiti 1930 ku Kayoyo, dera lomwe lero lili m'boma la Ntchisi. Mayi ake adamutcha Masauko chifukwa adavutika kwambiri ali ndi pakati pake. Bambo ake, Habil Matthew Chipembere, adali mphunzitsi yemwe pambuyo pake adadzakhala wansembe wa mpingo wa Anglican. Ntchito ya mpingo ndiyo idafikitsa banjali ku Malindi, mishoni ya m'mbali mwa nyanja yomwe idasanduka kwawo.

Mnyamatayu adali wanzeru m'kalasi. Adaphunzira pa sekondale ya Blantyre, kenako ku Goromonzi m'dziko la Southern Rhodesia, lomwe lero ndi Zimbabwe. Atachoka kumeneko adapita ku sukulu ya ukachenjede ya Fort Hare ku South Africa, komwe kudaphunziranso atsogoleri monga Nelson Mandela ndi Robert Mugabe. Kumeneko adaona ndi maso ake mmene boma la tsankho linkagwiritsira ntchito apolisi poopseza anthu akuda.

Atabwerera kumudzi ndi digiri, boma la atsamunda lidamulemba ntchito yothandiza DC. Adali mmodzi mwa anthu akuda oyamba kugwira ntchito imeneyi. Adagwira ku Domasi, ku Fort Johnston, dzina lakale la Mangochi, ndiponso ku Dedza.

Iyi idali ntchito yoti anthu ambiri akadaikumbatira ndi manja awiri. Koma iye sadakhalitsepo. Adaisiya n'kulowa ndale, ndipo mu Malichi 1956 adasankhidwa kukhala mmodzi mwa anthu akuda asanu olowa m'Nyumba ya Malamulo ku Zomba. Apo n'kuti ali ndi zaka 25 zokha.

Pakamwa pa asodzi

Ambiri amamukumbukira Chipembere chifukwa cholimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe atsamunda adachikhazikitsa mu 1953 anthu akukana. Iye ndi mnzake Kanyama Chiume ankapanikiza akuluakulu a boma ndi mafunso, ndipo anthu ankalimbirana mabuku osindikizidwa a zokambirana za m'nyumbayo kuti awerenge mmene anyamata awiriwa ankayankhulira ndi azungu mopanda mantha.

Koma anthu a kunyanja adamukonda pa chifukwa china cha pakhomo penipeni. M'zaka zimenezo, usodzi wa ndalama kummwera kwa nyanja udali m'manja mwa makampani a anthu obwera, makamaka ya abale a Chigiriki a Yiannakis. Iwowa adali ndi maboti a injini ndi makoka akuluakulu okokolola chambo, ndipo nsomba zina zinkatumizidwa ku Rhodesia.

Msodzi wa bwato logoba, kaya wa ku Malindi kaya wa ku Chembe, sakadapikisana nawo. Asodzi ankadandaula kuti nsomba zikuthera kwa alendo pomwe eni nyanja akungoyang'ana.

Chipembere adanyamula dandaulo limeneli n'kukalitula ku Zomba. Kwa anthu a m'madoko, aka kadali koyamba kumva kuti nkhani ya chambo ndi makoka ikukambidwa m'nyumba momwe kale munkangomveka mawu a azungu a m'maesiteti. Apa ndi pomwe padayambira ubale womwe udachititsa anthuwa kumubisa, kumudyetsa ndi kuvutika chifukwa cha iye patapita zaka zisanu ndi zitatu.

Ndende ziwiri

Chipembere ankadziwa kuti iye ndi anzake adali achichepere, ndipo mafumu ndi akuluakulu sakadawatsata msanga. N'chifukwa chake adali patsogolo polembera makalata Dr Hastings Kamuzu Banda, yemwe adali ku Ghana, kumupempha kuti abwere adzatsogolere chipani cha Nyasaland African Congress.

Banda adatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958. Mwezi wotsatira, pa msonkhano wa ku Nkhata Bay, Chipembere adakhala msungichuma wamkulu wa chipanicho.

Zinthu zidatentha msanga. Mu Januwale 1959 atsogoleri a chipani adachita msonkhano wachinsinsi kutchire pafupi ndi Blantyre, ndipo boma lidafalitsa kuti kumeneko adapangana zopha azungu. Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage adalengeza kuti dziko lili pachiopsezo. Anthu oposa 1,000 adamangidwa ndipo 51 adaphedwa ndi achitetezo a boma, ena mwa iwo pa doko la Nkhata Bay. Chipembere adatengedwa kukatsekeredwa ku Gwelo, komwe lero ndi Gweru, pamodzi ndi Banda ndi abale awiri a Chisiza, Dunduzu ndi Yatuta.

Gulu lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Patrick Devlin silidapeze umboni wa chiwembu chopha azungu, ngakhale lidapeza kuti ena m'chipanimo ankavomereza ziwawa. Lidanenanso poyera kuti panthawiyo Nyasaland lidali dziko lolamulidwa ndi mantha a apolisi.

Chipembere adatuluka mu Sepitembala 1960, patatha miyezi isanu Banda atamasulidwa. Ufuluwo sudakhalitse. Zoyankhula zake pa misonkhano zidali zamoto, ndipo kumayambiriro kwa 1961 khoti lidamupeza wolakwa pa mlandu wouza anthu kuti aukire boma. Adagamulidwa zaka zitatu ku ndende ya Zomba. Pa chisankho cha mu Ogasiti 1961, bambo ake ndiwo adaimira mpando wa ku Fort Johnston n'kumusungira mwana wawo.

Atatuluka mu Januwale 1963 adakhala nduna yoona za maboma aang'ono, kenako nduna ya zamaphunziro.

Nduna zigawanika

Dziko la Malawi lidalandira ufulu pa 6 Julayi 1964, koma pasadathe miyezi iwiri m'nyumba mudabuka moto. Nduna zambiri sizidagwirizane ndi Banda pa zinthu zingapo: tiki yomwe odwala ankalipira m'zipatala za boma, malipiro a ogwira ntchito m'boma, kuchedwa kupereka maudindo kwa Amalawi, ubale ndi Apwitikizi a ku Mozambique, komanso khalidwe lake lolamula yekha. Padalinso maganizo obwezeretsa lamulo lotsekera anthu popanda kuwazenga mlandu, lomwe lidachititsa nduna ina, Colin Cameron, kutula pansi udindo.

Mkanganowu utafika pachimake, Chipembere adali ku msonkhano wa zamaphunziro ku Canada. Pa 7 Sepitembala Banda adachotsa Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo. Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani adasiya okha. Chipembere atangofika adasiyanso unduna n'kukakhala kumbali ya anzake, ngakhale m'Nyumba ya Malamulo adayankhula mofatsa pofuna kuti mbali ziwirizi zigwirizanenso.

Kuyanjanako kudalephereka. Kumapeto kwa mweziwo anyamata a chipani adatutidwa pa malole kupita ku Zomba kukaopseza ogwira ntchito m'boma, omwe ambiri adali kumbali ya nduna zochotsedwazo. Ogwira ntchitowo adatenga zibonga n'kubwezera, mpaka nduna zokhulupirika kwa Banda zidathawa mu mzindawo kwa masiku angapo.

Pa 30 Sepitembala Banda adasaina chikalata choletsa Chipembere kuyenda mtunda woposa mamailosi anayi kuchokera pakhomo pake ku Malindi. Anzake onse adathawira ku Tanzania ndi ku Zambia. Iye adatsala pakati pa anthu ake.

Atiteteza ndani?

Apa ndi pomwe nkhani ya Chipembere imasiya kukhala ya ndale za ku Zomba n'kukhala ya chitetezo cha pamudzi.

M'madera ambiri a dziko lino, munthu woganiziridwa kuti akutsatira nduna zakale ankamenyedwa, kuotcheredwa nyumba kapena kutsekeredwa. Ochita zimenezi adali anyamata a chipani cholamula ndi apayoniya, gulu lomwe lidakhazikitsidwa mu 1963. Womenyedwa adalibe kokadandaula, chifukwa omenyawo ankati akugwira ntchito ya boma.

Ku Malindi ndi midzi yozungulira, anthu adasankha kudzilondera okha. Amuna ankasinthana kulondera mtsogoleri wawo, ndipo mlendo aliyense wolowa m'deralo ankadziwika msanga. Kwa milungu ingapo mphamvu ya chipani idazilala kum'mawa kwa boma la Fort Johnston. Kumapeto kwa Okutobala, boma litalamula kuti agwidwe, Chipembere adalowa m'nkhalango za m'mapiri a kuseri kwa Malindi. Apolisi ndi asilikali adamusaka osamupeza, chifukwa anthu a m'midzi ankamupititsira ufa ndi nsomba koma osatsegula pakamwa.

Kufikira apa, zida za anthuwa zidali zibonga, mikondo, mauta ndi mfuti zochepa. Izi zidali ndi mbiri yake. Dera la Mangochi linkadziwa bwino mfuti kuyambira nthawi ya malonda a akapolo ndi minyanga, pomwe mafumu monga Mponda, Makanjira ndi Jalasi adali ndi ankhondo awoawo. Pangano la maiko a ku Ulaya la ku Brussels la mu 1890 lidaletsa kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu akuda m'chigawo chino cha Africa. Harry Johnston adamanga linga la Fort Johnston mu 1891 kuti athyole mphamvu ya mafumuwa, ndipo pofika 1895 adali atawagonjetsa. Kuyambira pamenepo mfuti yeniyeni idali ya boma, ndipo mlenje wa kumudzi ankangotsala ndi gogodera.

Chipembere adaona kuti bola boma likhale loopa malamulo, zimenezi zilibe vuto. Koma boma likasanduka chilombo, anthu opanda zida amangokhala ngati nkhuku za m'khola. M'nkhalangomo adayamba kuphunzitsa amuna ake za nkhondo. Cholinga chidasintha. Sikudalinso kulondera mudzi, koma kulanda boma.

Usiku wa pa 12 Febuluwale

Usiku wa pa 12 Febuluwale 1965, Chipembere adatsogolera amuna pafupifupi 200 kulowa pa boma la Fort Johnston. Adathyola polisi n'kutenga mfuti ndi zipolopolo, adadula nthambo za lamya, ndipo adalanda galimoto. Pa chipwirikiticho mkazi wa wapolisi wina ndi mwana wake adaphedwa. Awa sadali a chipani, sadali apayoniya. Adali mayi ndi mwana m'nyumba mwawo.

Gululo lidauyamba ulendo wa ku Zomba, likulu la dziko panthawiyo, likuyembekeza kuti asilikali ndi ogwira ntchito m'boma aligwirizana nalo. Koma kuti galimoto ifike ku Zomba inkayenera kuoloka Shire pa Liwonde, ndipo masiku amenewo kuoloka kwake kudali kwa pa pantoni. Atafika pa dokolo adapeza pantoniyo ili tsidya lina.

Ulendo udathera pomwepo. Kutacha asilikali a boma adafika n'kuyamba kuwathamangitsa. Ena adaphedwa, ena adagwidwa, otsala adamwazikira m'mapiri.

Chipembere adabisalabe kwa miyezi ina iwiri uku akuvutika ndi matenda a shuga. Kumapeto kwa Epulo 1965 adatulutsidwa m'dziko mwachinsinsi, mothandizidwa ndi bwanamkubwa Glyn Jones ndi akuluakulu a maiko a Britain ndi America, mpaka kukafika ku California.

Otsala ndiwo adalipira

Akuluakulu adati ndewu siimanga mudzi. Mtsogoleri adapita, koma midzi yomwe idamubisa siikadathawa.

Asilikali, apolisi ndi apayoniya adasesa kum'mawa kwa bomalo. Nyumba zidatenthedwa, mafumu oganiziridwa adachotsedwa, ndipo anthu ambiri adatumizidwa ku Dzaleka m'boma la Dowa, komwe panthawiyo kudali ndende ya omangidwa pa zandale. Ena adathawira ku Tanzania.

Mmodzi mwa akuluakulu a gulu la Chipembere, Medson Silombela, adapitiriza nkhondo ya m'tchire ndipo anthu ena a chipani adaphedwa. Adagwidwa kumapeto kwa 1965, ndipo kumayambiriro kwa 1966 adanyongedwa ku ndende ya Zomba pamaso pa anthu oitanidwa kudzaonerera.

Mkwiyo wa boma sudathere pamenepo. Mu 1971 anthu mazanamazana a m'mudzi wa Moto, amuna, amayi ndi ana, adatutidwa n'kukatsekeredwa, ndipo mudzi wawo udaphwasulidwa. Mlandu wawo udali woganiziridwa kuti adali kumbali ya Chipembere.

Choipa china n'chakuti kuukirako kudapatsa boma chifukwa chomwe linkafuna. Apayoniya adapatsidwa mphamvu zomanga anthu ndi zonyamula mfuti, ndipo wapolisi sankatha kumanga mpayoniya mwachisawawa. Mu 1966 dziko lidakhala la chipani chimodzi. Gulu lomwe Chipembere ankafuna kuteteza anthu ake kwa ilo lidatuluka lamphamvu kuposa kale.

Imfa ya kutali

Mu 1966 Chipembere adasamukira ku Tanzania, komwe adaphunzitsa pa koleji ya Kivukoni mu mzinda wa Dar es Salaam n'kuyambitsa chipani cha Panafrican Democratic Party. Mu Okutobala 1967 mnzake Yatuta Chisiza adalowa m'dziko ndi kagulu ka amuna a mfuti kudzera chakumadzulo, koma adaphedwa ndi asilikali. Njira ya mfuti idalephera kachiwiri.

Mu 1969 Chipembere adabwerera ku America n'kukaphunzitsa pa California State University mu mzinda wa Los Angeles. Adamwalira ndi matenda a shuga pa 24 Sepitembala 1975 ali ndi zaka 45, osapondanso pa nthaka ya Malawi. Adasiya mkazi, Catherine, ndi ana asanu ndi awiri. Mayiwa adabwerera kumudzi ulamuliro wa chipani chimodzi utatha, ndipo mu 1994 anthu a ku Mangochi adawasankha kukhala phungu wawo. Mmodzi mwa anawo, Masauko, adatchuka pa zoimba m'gulu la Blk Sonshine ku South Africa.

Nanga mfuti ikhale ndi yani?

Dziko lomwe Chipembere adafera lili ndi lamulo la mu 1791 lopatsa nzika ufulu wosunga mfuti, ndipo mpaka lero anthu kumeneko amakangana ngati limawateteza kapena limawapha. Kuno kwathu n'zosiyana. Malamulo oyendetsera dziko a mu 1994 sapereka ufulu wotere, ndipo lamulo la mfuti la mu 1967 limafuna kuti aliyense wosunga mfuti akhale ndi chiphaso.

Mbiri ya dziko lino idaonetsa mbali zonse ziwiri. Chipembere sadaname pamene ankaona kuopsa kwa mfuti yokhala m'manja mwa chipani. Apayoniya adaopseza anthu kwa zaka pafupifupi 30, kufikira mu Disembala 1993 pomwe adawombera asilikali ku Mzuzu. Gulu lankhondo lidawalanda zida pa ntchito yomwe idatchedwa Operation Bwezani, ndipo ena adathawira ku Mozambique.

Koma zaka zotsatira zidaonetsanso kuopsa kwa mfuti yomwazikira pakati pa anthu. Nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, mfuti za AK-47 zidayamba kulowa m'dziko kudzera m'maboma a m'malire, Mangochi ali momwemo. Sizidateteze munthu. Zidathera m'manja mwa mbava zothyola magolosale ndi kulanda galimoto, ndipo anthu otopa ndi umbava adayamba kutentha oganiziridwa popanda kuwafikitsa kukhoti.

Chomwe chidathandiza chidali china. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 apolisi adayamba kugwira ntchito limodzi ndi makomiti a chitetezo cha m'madera, ndipo lamulo la apolisi la mu 2010 lidakhazikitsa ndondomekoyi m'malamulo. M'malo monga Chembe, momwe asodzi, ogula usipa ndi alendo odzaona nyanja amasakanikirana tsiku ndi tsiku, wolondera usiku amadalira tochi, wezulo, lamya ya m'manja ndi kudziwana ndi anansi. Akagwira woganiziridwa, ntchito yake ndi kumupereka kupolisi.

Zimenezi zikufanana ndi zomwe anthu a ku Malindi adachita mu Okutobala 1964, asadagwire mfuti. Kudziwana ndi kusungirana chinsinsi kudateteza munthu mmodzi kwa miyezi isanu ndi umodzi pamaso pa boma lonse. Mfuti zomwe adalanda pa Fort Johnston sizidakwanitse ngakhale tsiku limodzi.

Komabe ulonda wa anansi umagwira ntchito pokhapokha ngati kupolisi komwe akupereka wakubayo kuli chilungamo, ndiponso ngati mnyamata wovala makaka a chipani akamenya munthu amamangidwa ngati wina aliyense. Mu 1964 zimenezi zidasowa, ndipo munthu wophunzira, mwana wa wansembe, yemwe adayamba ndi kudandaulira asodzi m'Nyumba ya Malamulo, adakathera m'nkhalango ndi amuna 200. Boma lililonse lomwe lingalole anyamata ake kuyenda ndi zikwanje pamaso pa apolisi lizikumbukira kuti nkhani ya pa Fort Johnston idayamba choncho.